Dzina la a Malume M'kope la Ireen

MUTU 6

1. Malamulo awiri a Mayi Pilato

Pa sukulu ina ya sekondale yoyendera, kufupi ndi msika wa Thuchila, padali mphunzitsi wamkazi dzina lake Mayi Pilato. Mayi amenewa sankakhulupirira kanthu popanda umboni. Ukawauza kuti wachedwa chifukwa tayala la njinga lidaphulika, ankafuna aone chigamba. Ana asukulu adawatcha "Wamva-kwa-yani", poti funso limenelo silinkachoka pakamwa pawo.

Iwowa ndiwo ankatsogolera kalabu ya zochitika m'dziko lapansi. Lachitatu lililonse masana ankapachika mapu ong'ambika pabolodi n'kuyamba kukamba za nkhondo zakutali, za anthu othawa kwawo, za mapulasitiki odzaza m'nyanja ndi za kusintha kwa nyengo. Koma za nyengozo sizinkalira mapu. Mwana ankangosuzumira pawindo n'kuona zipsera zoyera paphiri la Mulanje, momwe mudadutsa madzi ndi miyala nthawi ya namondwe Freddy.

Teremu imeneyo kudabwera mpikisano wa masukulu a m'bomalo. Ophunzira awiriawiri amayenera kufufuza vuto limodzi la dziko lonse monga likuonekera kwawo, kulilemba, n'kukaliwerenga ku Boma. Opambana akapita ku Blantyre.

Ireen, mtsikana wa Fomu 3, sadachedwe kusankha mnzake. Adatenga Sharon. Awiriwa sadali mabwenzi wamba, adali pa chinjira. Adavinidwa tsiku limodzi, adapatsana mphatso amayi awo akuona, ndipo kuyambira pomwepo ankaitanana kuti "anjira". Kwathu kuno anjira ako suwamana kanthu, ngakhale chitenje chimene wavala.

Ntchito adagawana bwino. Ireen ankadziwa kufunsa, moti ngakhale munthu wouma pakamwa ankapezeka wayamba kulankhula. Sharon ndiye ankalavula Chingerezi ngati wa pa wailesi.

Asanayambe, Mayi Pilato adagogoda tebulo ndi choko.

"Ana inu, tcherani khutu, izi sindibwereza. Kafukufuku si miseche. Wamiseche amati 'akuti'. Wofufuza amati 'ndidawerenga apa, ndidaona apo'. Mukatenga mawu m'buku, tchulani bukulo. Musaname, musathire mchere. Limenelo ndi lamulo loyamba. Koma lachiwiri ndi lolemera kuposa limeneli. Munthu wamoyo si buku. Buku salimanga unyolo, buku lilibe ana oti liwadyetse. Munthu akafuna kukuuzani zinthu zomwe zingamuike m'mavuto, yambani mwamupempha chilolezo, ndipo dzina lake lisalembedwe paliponse, ngakhale m'kope mwanu momwe. Lembani kuti Bambo A, Mayi B. Dzinalo sungani m'mutu, poti mutu sabwerekana. Wina akakukakamizani kuti mutchule, ngakhale ndine amene, mukane. Mwamva?"

"Tamva, Madamu!"

Ireen naye adayankha nawo, mokweza kuposa onse. Ha, kuyankha n'kosavuta!

2. Kuseri kwa nyumba ya a Golden

Funso la atsikanawa lidali lakuti: n'chifukwa chiyani anthu akudulabe mitengo paphiri, pamene adaona ndi maso awo zomwe madzi adachita?

Mabuku a mulaibulale ndi foni ya Madamu zidawapatsa zambiri: za utsi wa mafakitale akunja, za nyanja zomwe zikutentha, za nkhalango zomwe zikutha m'maiko ambiri. Koma padalibe mawu a munthu wodula mtengo mwini wake. Ndipo munthu wotero Ireen adali naye pakhomo.

A Golden adali mlongo wa mayi ake a Ireen, mwini mbumba, amenenso adamutcha dzina tsiku lotuluka m'chikuta. Mkazi wawo adapita ndi madzi a namondwe uja. Mwa mwambo ana akadatsala kuchikazi, koma mudzi wonsewo udasanduka miyala yokhayokha, choncho a Golden adabwerera kwawo kwa Nampwita, m'munsi mwa phiri la Chambe, ndi ana atatu. Kuti ankacheka matabwa kuphiri mozemba, mudzi wonse unkadziwa. Panalibe wotchula.

Loweruka m'mawa Ireen adawapeza kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapeyala, akunola mano a sowo. Pamutu pawo padali dazi la nkhata, lobwera ndi kusenza matabwa.

"A malume, ndabwera ndi pempho la kusukulu."

Atamva pempholo, a Golden adaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe mwanawe, wafuna undiphe? Zimenezi sizilankhulidwa."

"Dzina lanu silituluka, a malume. Ndi lamulo la kafukufuku. Ndilemba kuti Bambo A. Ndikulonjeza."

A Golden adamuyang'ana. Kenaka adaika sowo pansi.

"Akadabwera wina aliyense, ngakhale m'busa, ndikadamuthamangitsa. Koma mwana wa mlongo wanga ndingamumane chiyani? Khala pansi."

Ndipo adayamba.

"Anthu amati amene adatsika phiri tsiku la namondwe lija ndi Napolo. Kaya. Ine ndimakwera phirili, ndikudziwa mmene lidavulidwira. Pomwe padali mikungudza yoti anthu atatu sangaikumbatire, lero pali zitsa. Madzi akagwa agwire chiyani? Usaganize kuti sindidziwa. Amayi a anawa adapita ndi madzi omwewo, ndipo ndikamakoka sowo ndimawaona. Koma munda wanga uli pansi pa miyala. Kuesiteti ya tiyi amalemba nthawi yothyola yokha. Anawa m'mawa kukacha amafuna phala, safuna nkhani ya nyengo. Ndiye ine ndi mnzanga Kondwelani timakwera, iye pamwamba pa chipika, ine m'dzenje, utuchi m'maso. Amene amagula matabwawo sakwera phiri. Amabwera pa galimoto, nsapato zopukuta, ndipo ndikumva kuti matabwa ena amakafika kutsidya kwa nyanja. Ogwidwa ndife osenza. Lemba zimenezo, mwina ophunzira akamva."

Ireen adalemba mpaka chala kupweteka. A malume adamuuza ngakhale khwawa lomwe amabisamo matabwa, ndi njira yomwe amatsikira kuti asakumane ndi alonda a nkhalango.

Potsiriza adamugwira dzanja.

"Tamvera, Ireen. Zomwe ndakupatsazi si nkhani, ndi khosi langa. Pakamwa pako pakapsa, ine ndikagona kundende, ndipo azibale akowa adzaleredwa ndi yani? Usauze mayi ako. Usauze mnzako. Bwenzi lako lili ndi bwenzi lake, ndipo khoswe wa padenga adaulula wa padzala. Ine sukulu sindidapite nayo patali, koma ndikudziwa kuti cholembedwa sichiiwala."

"Musade nkhawa, a malume."

Atafika kunyumba, Ireen adati alembe mutu pamwamba pa tsambalo. Adalemba kuti "Bambo", cholembera n'kuima. Zoona a malume ake, munthu amene adamutcha dzina, awatche "A" ngati chizindikiro cha pa thumba la feteleza? Adaona ngati mwano. Adafufuta, n'kulemba bwinobwino kuti: "A malume anga a Golden, kwa Nampwita, ndi mnzawo a Kondwelani."

"Ndi kope langa lomwe," adadziuza yekha. "Polemba zokapereka ndidzasintha."

Ulemu ndi wabwino, abale, koma umenewu udali ulemu wopha.

3. "Anjira, mukundimana?"

Zokapereka zidalembedwadi bwino. Paliponse padali Bambo A ndi Bambo B. Mayi Pilato adawerenga kawiri, adafunsa "wamva kwa yani?" m'malo asanu, adakhutira, ndipo ntchito ya atsikanawa ndi imene idasankhidwa kukaimira sukulu.

Kutatsala tsiku limodzi kuti mpikisano uchitike, akuweruka, Sharon adakoka Ireen pambali pa mjigo.

"Anjira, tandibwerekani kope lija. Ndikufuna ndione mawu a Bambo A mmene adawalankhulira m'Chichewa, kuti mawa ndikawatchule ndi mtima."

Ireen adafinya chikwama chake.

"Zonse zili kale pa mapepala aja."

"Pa mapepala zidazizira. Ndikufuna zotentha." Sharon adapendeketsa mutu. "Kapena mukundimana? Ine? Anjira anu?"

Mawu amenewo adamulasa Ireen. Si Sharon yemweyu adagona kwawo sabata yathunthu pa maliro a azakhali ake? Si yemweyu ankamugawira chinangwa chootcha pa buleki? Mawu a Madamu adamubwerera, a malume nawonso adamubwerera, koma manyazi adaposa zonse.

"Muli mayina," adanong'ona. "Lisaonedwe ndi munthu."

"Iii, anjira! Ndingachite zimenezo? Mphezi indiombe."

Kope lidachoka m'chikwama cha Ireen n'kulowa m'chikwama cha Sharon.

4. Ku Boma

Holo ya ku Boma idadzaza. Kutsogolo kudakhala oweruza atatu. Pambali pawo padali alendo oitanidwa, ndipo pakati pa alendowo padali abambo awiri a yunifomu yobiriwira, ogwira ntchito za nkhalango.

Masukulu ogonera adabwera ndi makompyuta ndi zithunzi zoonetsa pakhoma. A ku Thuchila adabwera ndi mapepala asanu ndi pakamwa pa Sharon. Koma pakamwapo padakwana! Mtsikana adawerenga mopanda kugwa mphwayi, adachoka ku mafakitale a kutsidya kwa nyanja, adadzera pa namondwe, n'kudzafika m'dzenje la Bambo A, utuchi uli m'maso. Mayi wina kumbuyo adapukuta misozi.

Atatha, woweruza wina wa magalasi adakweza dzanja.

"Ntchito yokoma. Mwina yokoma mopitirira. Chaka chatha ana ena adatipekera munthu woti kulibe. Bambo A amenewa alipodi? Adawafunsa ndani?"

"Ndine," adatero Ireen.

"Ungatitsimikizire bwanji kuti si nthano?"

Ireen adaona maso onse ali pa iye. Adaona Blantyre ikuthawa. Adaonanso abambo awiri obiriwira aja atawerama kuti amve bwino.

"Alipo, bwana. Ndidakhala nawo pansi, adandilola kulemba. Koma dzina sinditchula. Ndidalonjeza."

Mayi Pilato adadzuka pampando wawo kuti aikire umboni ana awo. Adali asanatsegule pakamwa pomwe mawu a Sharon adamveka pa chimkuzamawu.

"Umboni ulipo, bwana! Nawu!"

Kope lidali m'mwamba, lotsegula.

"Anjira, ayi!" adakuwa Ireen.

Sharon sadacheuke. Adawerenga mokweza, mawu amodziamodzi: "A malume anga a Golden, kwa Nampwita, ndi mnzawo a Kondwelani." Ndipo ngati kuti sizidakwane, adapitiriza mzere wotsatira, wa khwawa lobisamo matabwa.

"Basi, basi, mtsikana!" adatero woweruza uja, akugwedeza dzanja. "Sindimafuna dzina ine!"

Koma madzi akatayika saoleka. Mmodzi wa abambo obiriwira aja adali atatulutsa kale kabuku m'thumba la malaya, akulemba.

Ireen sadadziwe mmene adatulukira. Adangopezeka ali panja, atatsamira mtengo. Posakhalitsa Sharon adamupeza.

"Anjira, mwakwiya? Munafuna tiluze? Blantyre imeneyi inuyo simukuifuna?"

"Unalumbira, Sharon."

Aka kadali koyamba kumutchula dzina chivinidwire.

"Aaa, nanga ndanama? Madamu anati tisamaname." Sharon adapinda manja, nkhope itauma. "Komanso a malume akowo akuphwanya lamulo. Si ine ndinawatuma kuphiri. Ndipo dzinalo analemba ndani? Ine?"

Funso lomalizalo ndi lomwe lidapweteka koposa, poti lidali loona. Ireen adatsomphola kope lake m'manja mwa Sharon, misozi ili chuchuchu.

Mayi Pilato adatulukira. Adauza Sharon kuti abwerere m'holo, ndi mawu omwe sadalole yankho. Kenaka adatembenukira kwa Ireen.

"M'holomo wayankha ngati wofufuza weniweni, ndipo ndanyadira. Koma ndiuze, dzinalo lidalowa bwanji m'kope?"

"Ndinaona ngati mwano kuwatcha A, Madamu."

Mayi Pilato adapuma mozama.

"Mwana wanga, ulemu waukulu womwe a malume ako akadaulandira kwa iwe udali woti akagone m'nyumba mwawo lero ndi mawa. Mnzako wakupereka, zimenezo n'zoona, ndipo ndithana naye. Koma mpeni womwe wabayira udamupatsa ndiwe. Inenso ndili ndi gawo langa, ndidawerenga mapepala osafunsa za kope. Tsono kulira kuno sikuthandiza. Pita ukawauze wekha, asanamve kwa ena. Wolakwa amene wabwera ndi miyendo yake amasiyana ndi wochita kukokedwa."

Adamuitanira kabaza. M'holo munkamveka kuomba m'manja, koma Ireen sadafune kudziwa kuti akuombera yani.

5. Khosi la a malume

Adawapeza a malume akusenda nandolo pakhonde, kamwana kawo komaliza, Pilirani, kali pamwendo. Ireen adagwada patali, yunifomu ili fumbi lokhalokha, n'kufotokoza zonse. Sadabise za dzina, sadabise za kope.

A Golden sadakalipe. Bwenzi zili bwino akadakalipa. Adapitiriza kusenda nandolo mpaka ya m'manja idatha.

"Zaka ziwiri," adatero potsiriza, "alonda akhala akundithamangitsa m'phirimo. Ndagonapo m'mapanga, ndathyokapo chala, koma sadandigwire. Lero ndagwidwa ndi cholembera cha mwana amene ndidamutcha dzina ndine. Ndidakuuza kuti ndi khosi langa, iwe n'kukalibwereketsa ngati lichero. Kudula mitengo ndi kulakwa, ndikudziwa, ndipo tsiku lina ndikadalipira. Koma ndimayesa adzandigwira ndi adani. Za mnzakoyo sindidandaula, si m'bale wanga, sadandilonjeze kanthu. Ndidakhala pansi ndi iwe."

"Thawani, a malume. Pitani ku Mozambiki, kwa abale aja."

"Ndi ana atatu kumsana? Ndipo Kondwelani ndimusiye alipire yekha mawu omwe ndidalankhula ine?" Adapukusa mutu. "Nyamuka, pita kwanu. Ndikufuna ndikamuuze mnzanga ndisanayambe kuchita mantha."

Galimoto ya alonda a nkhalango idafika m'mawa mwake dzuwa litangotuluka. Matabwa adali atawapeza kale kukhwawa kuja, adali m'galimotomo, fungo la mkungudza lili guu mudzi wonse. A Kondwelani adali atakhala pamwamba pa matabwawo, mutu uli pansi. Anthu adasonkhana, ena ndi makasu m'manja, ena ndi zidebe pamutu.

A Golden adatuluka okha m'nyumba, sowo ili paphewa, n'kuipereka. Pilirani adawakakamira mwendo akulira.

Apo mkazi wa a Kondwelani, a Joice, adadzigwetsa pansi pafupi ndi galimoto.

"Watigulitsa ndani? Khwawa limene lija amalidziwa ndi anthu awiri okha! A Golden, inu mukudziwa. Tiuzeni, ndani?"

Ireen adali chilili pafupi ndi mayi ake. A Golden adayendetsa maso pa anthu onse, mmodzimmodzi. Atafika pa iye, adamudumpha.

"Sindikudziwa," adatero.

Kenaka adawerama, adamasula timanja ta Pilirani pamwendo pawo, adamunyamula, n'kuyenda mpaka pomwe padali Ireen. Adamuika mwanayo m'manja mwake, maso ali kumbali. Adakwera galimoto.

Fumbi lisanathe n'komwe, a Joice adadzuka. Adamanga chitenje mwamphamvu, adapukuta nkhope ndi chikhatho, n'kulankhula mosakuwa, koma aliyense adamva.

"Iwo sakudziwa, koma ine maso ndili nawo. M'mudzi muno mwana amene wakhala akuzungulira ndi kope, kumafunsa anthu mafunso, ndi mmodzi yekha."

Amayi omwe adali ndi zidebe adazitula pansi. Mmodzimmodzi adatembenuka. Mayi ake a Ireen nawonso, amene mpaka nthawi imeneyo sankadziwa kanthu, adacheuka n'kumuyang'ana mwana wawo.

"Ireen," adatero, "a Joice akunena yani?"

Pilirani adali akulirabe m'khutu mwake, akuitana bambo ake.